Chimene chimakoka owerenga m'mabuku odumpha nthawi, ndi pamene alembi amaphonyera

Wowerenga wina watitumizira imelo yokhala ndi mafunso awiri. Akuti amakonda mabuku a nkhani zopeka momwe munthu amadumpha nthawi, kubwerera kale kapena kupita kutsogolo, kaya a sayansi kaya achikondi, ndipo akudabwa kuti bwanji nkhani zosatheka chonchi zimamugwira mtima kuposa nkhani za moyo wa tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, akuti anayamba kulemba lake koma wakakamira pamutu wa 8. Mtsikana wa m'nkhani yake ali ndi makina obwerera m'mbuyo, ndiye vuto lililonse likabwera amangobwerera n'kukalikonza, mpaka nkhani yasukuluka.

Mayi, tiyambe ndi funso loyambalo, poti lachiwiri latsamira pomwepo.

Aliyense ali ndi tsiku limene amalakalaka atalibwereza: mawu amene sanawanene kwa kholo lisanamwalire, ulendo umene akanaukana, munthu amene anamulola kupita. Akuluakulu anati madzi akatayika sawoleka. Buku lodumpha nthawi limauza wowerenga kuti ulendo uno awoleka, ndipo iye, ngakhale akudziwa kuti n'zopeka, amafuna kuona kuti munthu akapatsidwa mwayi wachiwiri amatani nawo. Mabuku abwino amaupereka mwayiwo, koma amalipiritsa mtengo wowawa. Mtengowo ndi umene umasunga wowerenga mpaka tsamba lomaliza. Makinawo paokha sasunga munthu.

Chokoka china n'chakuti wowerenga amadziwa zimene anthu a m'nkhani sakudziwa. M'buku la Diana Gabaldon lotchedwa Outlander, lomwe linatuluka mu 1991, namwino wa nthawi imene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali itangotha amapezeka ku Scotland wa chaka cha 1743. Iye akudziwa, wowerenga akudziwanso, kuti mu Epulo 1746 kudzakhala nkhondo ya ku Culloden kumene anthu a mbali imeneyo adzaphedwe ochuluka. Choncho phwando lililonse, nthabwala iliyonse ya anyamata a m'nkhanimo imawawa, chifukwa tikuona tsiku likuyandikira pamene eni ake akuseka. Mlembi safunika kuchita kupanga mantha. Mbiri yawapanga kale.

Kumbali ya sayansi, chokoma chimakhala funso lakuti dziko lathuli likulowera kuti. H. G. Wells, m'buku lake The Time Machine la 1895, anatumiza munthu wake kuchaka cha 802,701, n'kukapeza mtundu wa anthu utagawika pawiri, ena ofooka okhala pamtunda, ena okhala kunsi kwa nthaka. Ankanena za kusiyana kwa olemera ndi antchito ku England wa m'masiku ake. Za mmene makinawo amagwirira ntchito anafotokoza pang'ono chabe, ndipo palibe amene amadandaula nazo.

Pali mbali ina ya nkhanizi imene si yopeka n'komwe. Kuchokera pa zimene Albert Einstein anafalitsa mu 1905 ndi mu 1915, tikudziwa kuti nthawi siyenda mofanana paliponse. Imachedwa kwa chinthu chothamanga kwambiri, imachedwanso pamene mphamvu yokokera zinthu pansi ili yaikulu. Mu 1971 asayansi awiri, Hafele ndi Keating, anakweza mawotchi olondola kwambiri m'ndege n'kuzungulira nawo dziko, ndipo atabwerera anasiyanadi pang'ono ndi amene anatsala pansi. Mawotchi a m'masetilaiti a GPS amatsogola ndi magawo pafupifupi 38 patsiku, sekondi imodzi itagawidwa m'magawo 1,000,000, ndipo kusiyanaku kumachita kukonzedwa kuti foni isakusocheretseni. Munthu atayenda pa 99.5 peresenti ya liwiro la kuwala, chaka chimodzi kwa iye chingakhale zaka 10 kwa otsala kumudzi. Ndiye nkhani ya mwamuna wobwerako akadali mnyamata n'kupeza mkazi wake atakalamba ili pamaziko olimba. Kubwerera m'mbuyo ndiye kulibe umboni. Wasayansi Stephen Hawking mu 1992 ananena kuti mwina malamulo a chilengedwe amatsekereza zimenezo, ndipo mu 2009 anakonzera phwando anthu ochokera kutsogolo ku Cambridge, makalata oitanira n'kuwatulutsa phwando litatha. Sipanabwere munthu.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhani zachikondi zinagwiritsitsa kwambiri nkhani ya nthawi? Nkhani yachikondi imafuna chotchinga. Anthu awiri akakondana popanda chowalekanitsa, buku latha patsamba lachitatu. Masiku ano zotchinga zakale zinafooka: mtunda unachepetsedwa ndi foni ndi ndege, makolo okaniza ukwati anthu sawaopanso ngati kale. Koma zaka 200 pakati pa anthu awiri palibe amene angaziimbire foni. Chotchinga chotere chilibe munthu woipa woti tidane naye, ndipo chimakakamiza chisankho chenicheni, chifukwa kukhala ndi wokondedwayo n'kutaya amayi ako, ntchito yako, chipatala ndi dziko lonse limene ukulidziwa. Audrey Niffenegger mu The Time Traveler's Wife ya 2003 anachitembenuza mwina. Mwamunayo sasankha n'komwe. Amangosowa mwadzidzidzi chifukwa cha vuto la m'thupi lobadwa nalo, mkazi n'kutsala akudikira osadziwa tsiku. Aliyense amene anadikirapo munthu wa kunkhondo, wa kutali kuntchito kapena wodwala amamva zimenezo popanda kufotokozeredwa.

Tsono tibwere pa vuto lanu la mutu wa 8. Lachokera pa chinthu chimodzi: simunaike lamulo la mmene nthawi imayendera m'buku lanu. Malamulo odziwika alipo atatu, ndipo muyenera kusankha limodzi musanalembe mutu wina.

Loyamba limati zakale sizisintha. Wobwerera m'mbuyo anali kale mbali ya zimene zinachitika, ndipo chilichonse chimene angachite poletsa ngozi chimapezeka kuti ndicho chinathandiza kuibweretsa. Asayansi amalitchula ndi dzina la Igor Novikov, amene analifotokoza m'zaka za m'ma 1980. Lamuloli n'labwino kwambiri pa nkhani zachisoni ndi zachikondi, koma lili ndi msampha wake. Mpangankhani akadziwa msanga kuti sangasinthe kanthu amangokhala manja lende, wowerenga n'kutopa. Mankhwala ake n'kumubisira mbali ya choonadi. Adziwe kuti nyumba inapsa, koma asadziwe kuti m'katimo munali ndani.

Lachiwiri limati zakale zimasintha, ndipo zamtsogolo zimasinthira limodzi. Ray Bradbury anaonetsa zimenezi mu 1952 m'nkhani yaifupi imene mlenje wobwerera kunthawi ya zinyama zakalekale amaponda gulugufe, n'kubwerera kwawo n'kupeza dziko litasintha. Ili ndilo lamulo limene inu mukugwiritsa ntchito mosadziwa, ndipo ndilo lovuta kuposa onse. Limabweretsa funso lotchuka lija: munthu akabwerera n'kukapha agogo ake asanabereke, ndiye wakuphayo wabadwa bwanji? Vuto lanu ndi mbale wake wa funso limenelo. Mtsikana wanu akakonza cholakwa, chifukwa chimene chinamunyamutsa chafufutika, ndiye wanyamukiranji? Pansi pa lamuloli muyenera kuyankha zinthu ziwiri papepala: ndani amene amakumbukira mmene zinthu zinalili kale, ndipo kusinthako kumafika liti.

Lachitatu limati kusintha kulikonse kumabala nthambi ina ya dziko, lakale lija n'kupitirira palokha. Alembi analibwereka kuchokera ku maganizo amene wasayansi Hugh Everett anafalitsa mu 1957. Limathetsa funso la agogo mosavuta, koma limapha chisoni. Ngati pali dziko lina kumene wokondedwayo ali moyo, wowerenga alirirenji? Mukalisankha, chisoni muchiike pa otsala kunthambi yakale, amene sadzamuonanso munthu wawo.

Mutasankha lamulo, tsekani khomo. Ikani malire a maulendo, mwachitsanzo atatu okha m'buku lonse, ndipo wowerenga awadziwe m'mitu itatu yoyambirira kuti aziwerengera limodzi nanu. Ulendo uliwonse udye kanthu kena kosabwezeka. Octavia Butler mu Kindred ya 1979 anachita zimenezi mopanda chisoni. Mayi wakuda wa ku California wa chaka cha 1976 amakokeredwa m'mbuyo mobwerezabwereza kumunda wa akapolo ku Maryland kuti akapulumutse mzungu amene ndi kholo la makolo ake, ndipo paulendo womaliza amabwerako wopanda mkono. Bukuli ndi loyenera kulikumbukira aliyense wolemba zachikondi cha m'masiku akale, chifukwa kale silinali lokoma kwa aliyense. Madiresi aatali ndi makandulo n'zokongola, inde, koma funsani kuti munthu wooneka ngati mtsikana wanuyo akanaloledwa kulowera khomo liti.

Kenako jambulani tebulo. Mzere uliwonse ukhale chochitika chimodzi, ndipo mizati ikhale isanu: tsiku la pakalendala, msinkhu wa wapaulendo, msinkhu wa wokondedwa wake, zimene aliyense akudziwa pa nthawiyo, ndi katundu amene wanyamulidwa. Musanje tebuloli kawiri, koyamba motsatira kalendala, kachiwiri motsatira moyo wa wapaulendo. Zolakwa zambiri zimaonekera pamzati wachinayi, pamene munthu akutchula chinthu chimene sanauzidwebe. Pamzati wachisanu mumagwidwa katundu wopanda chiyambi: mphete imene nkhalamba yapatsa mtsikana, mtsikanayo n'kubwerera nayo m'mbuyo, n'kukalamba, n'kuipereka kwa mtsikana yemweyo. Anaisula ndani? Ena amaika zotere mwadala ndipo zimakoma, koma zikalowa mwangozi owerenga atcheru amazigwira.

Zotsalazo ndi za thupi ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo apa ndi pamene buku limakhulupirika kapena kugwa. Matenda choyamba. Nthomba inalengezedwa kuti yatha padziko lonse mu 1980, ndiye munthu wobadwa m'zaka za m'ma 1990 nthawi zambiri alibe katemera wake, ndipo akafika m'zaka za m'ma 1700 ali pangozi yaikulu. Nayenso wanyamula tizilombo timene anthu a kumeneko sanakumanepo nato. Penisilini anatulukiridwa mu 1928 n'kuyamba kufala m'ma 1940, pamene opaleshoni yogoneka munthu ndi mankhwala inaonetsedwa poyera ku Boston mu 1846. Zisanafike zaka zimenezo, bala laling'ono kapena uchembere zinkatha kutenga moyo. Musaganizenso kuti mtsikana wanu akangonena zimene akudziwa anthu amuombera m'manja. Ignaz Semmelweis anaonetsa ku Vienna mu 1847 kuti madokotala akamasamba m'manja amayi omwalira pobereka amachepa kwambiri, koma madokotala anzake ambiri anamukana. Iyeyo anali mwamuna, dokotala, wa m'nthawi yomweyo. Nanga mlendo wamkazi wovala zachilendo?

Chilankhulo nacho chimasuntha. Wolankhula Chingerezi cha lero angamvane ndi anthu a m'ma 1700 movutikira pang'ono, a m'ma 1300 angawamve mwa apo ndi apo, koma a chaka cha 1000 angakhale ngati alendo enieni. Ndalama za m'thumba mwake n'zopanda ntchito, zoopsanso, poti ku England wa m'ma 1700 kupanga makobidi achinyengo unali mlandu wa imfa. Ndipo akakwatiwa kumeneko, adziwe kuti katundu wa mkazi ankalowa m'manja mwa mwamuna mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 atasintha zinthu. Mkangano wabwino wa anthu okondana ukhoza kuchokera pamenepa, osachita kuupeka. Kalendala nayo muisamale: ku Britain mu 1752, tsiku la 2 Seputembala linatsatiridwa ndi la 14 Seputembala, choncho musaike ukwati pa 8. Zakuti dziko limayenda makilomita pafupifupi 30 pasekondi pozungulira dzuwa, moti wodumpha miyezi isanu ndi umodzi akanafikira m'mlengalenga mopanda kanthu, owerenga zachikondi amakhululuka. A sayansi amafuna chiganizo chimodzi chokha chosonyeza kuti munaziganizira.

Za mutu wa 8, bwererani ku mutu wa 2 mukaike malire a maulendo ndi mtengo wake. Mwachitsanzo, ulendo uliwonse uzifufuta chaka chimodzi pa zimene mtsikanayo amakumbukira, kuyambira chaposachedwa. Mukatero, pofika pamutu wa 8 akhala atatsala ndi ulendo umodzi, ndipo chaka chimene chili pamzere wofufutika ndi chija anakumana ndi mnyamatayo. Maulendo onse amene anapita kukakonza tizinthu tating'onoting'ono muwachotse, zolakwazo zikhale momwemo, ndipo mudutsenso mitu ya 3 mpaka 7 muli ndi tebulo lija pambali.