Mtima ukhale m'malo amayi, si juga imeneyo

Mayi wina amene akukhala ku Leicester wandilembera imelo ali ndi nkhawa. Loweruka lililonse mwana wawo wa zaka 16 amakhala patebulo ndi anzake anayi, atamwaza mapepala, mapensulo, tizidole ndi madayisi achilendo, mpaka maola anayi osadzuka. Akufunsa kuti: "Kodi si juga imeneyi? Nanga bwanji ana okonda makompyuta onse amangokamba zomwezi?"

Amayi, malinga ndi mmene mwafotokozeramu, mwana wanu akusewera Dungeons & Dragons, ndipo patebulo pamenepo sipadutsa ndalama. Mmodzi amakhala wokamba nkhani, amene amamutcha Dungeon Master. Iye amati: "Mwafika pakhomo la phanga, mkatimo mukumveka kupuma kwa chinthu chachikulu. Mutani?" Aliyense mwa enawo ali ndi munthu wake wa m'nkhanimo, ndipo mphamvu ndi luso lake zalembedwa papepala. Wina akati ndilowa monyang'ama, amaponya dayisi ya mbali 20. Ikagwa pa 20 chipinda chonse chimaphulika ndi chimwemwe. Ikagwa pa 1 onse amagwira kumutu, chifukwa mnzawo wapunthwa ndipo chilombo chadzuka. Pa bawo wina amadya mnzake, koma apa onse ali mbali imodzi. Ine zimandikumbutsa nthano za madzulo, agogo akati "Padangotero" ife n'kuyankha "Tili tonse", kungoti apa omverawo ndi amene amasankha kumene nkhani ilowere.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landigwira mtima kwambiri. Masewerawa anatuluka mu 1974. Anawayambitsa ndi Gary Gygax wa ku Lake Geneva, tauni yaing'ono ya ku Wisconsin, ndi Dave Arneson wa ku Minnesota, m'dziko la America. Onse awiri ankakonda masewera a nkhondo oyendetsa tiasilikali patebulo. Chatsopano chinali chakuti m'malo molamulira gulu lonse lankhondo, aliyense asewere ngati munthu mmodzi, amene akapulumuka lero, sabata yamawa abwera ali wamphamvu kuposa kale.

Ganizo limeneli linalowa m'makompyuta ndipo silinatulukemonso. Ophunzira ambiri amene ankalemba mapulogalamu m'mayunivesite a ku America nthawi imeneyo ndi omwewo amene ankaponya madayisi usiku. Richard Garriott, amene anatulutsa gemu ya Ultima mu 1981, ankasewera zomwezi patebulo. Kenako ku Japan kunatuluka Dragon Quest mu 1986 ndi Final Fantasy mu 1987. Lero mukaona pafoni kamzere kosonyeza moyo kakuchepa munthu wa m'gemu akamenyedwa, kapena mwana akukuwa kuti wakwera levulo, dziwani kuti zimenezo zinayamba kuwerengedwa ndi pensulo.

Komabe kwa ine chachikulu si makompyuta ayi. Ana amene Azungu amawatcha ma geek, okonda mabuku ndi masamu, kawirikawiri ankakhala okhaokha ndipo ankasekedwa kusukulu. Tebulo linawapatsa bwalo lawo. Msonkhano wa okonda masewera a patebulo wotchedwa Gen Con, umene Gygax anauyambitsa mu 1968 ndi anthu pafupifupi 100, pano umachitikira ku Indianapolis ndipo umasonkhanitsa anthu masauzande ambirimbiri. Mwana wamanyazi amaphunzira pamenepo kulankhula pagulu, kudikira nthawi yake ndi kumvera mnzake.

Sindikubisirani, m'nkhanizi mumakhala zinjoka ndi amatsenga. M'zaka za m'ma 1980 makolo ndi mipingo ina ku America anachita mantha kuti ndi zausatana. Ine ndimaziona ngati nthano basi, koma pakhomo panu mwini ndinu, ndipo muli ndi ufulu womufunsa mwana wanu kuti nkhani yawo ikukamba za chiyani.

Poti mukhale tcheru ndi pa makadi. Ngati ayamba gemu ya makadi yotchedwa Magic: The Gathering, imene inatuluka mu 1993, makadi ake amagulitsidwa m'timapaketi tomata, munthu osadziwa zili mkati, ndipo ndalama imatha mosazindikira. Pamenepo muikireni malire a ndalama pamwezi. Za Lowerukazo, tsiku lina kazingani mandazi, mukoke mpando, mumupemphe akupatseni dayisiyo muponyeko kamodzi.