Za mavenda zija, msuweni

Alo... ikujambula? Eya. Msuweni, funso lako ndaliona pa gulupu, lija loti ogula angamawathokoze bwanji mavenda a pamsika, kaya ndi timakadi, kaya nyenyezi pa foni, kaya kuwaponyera ya fanta pa EcoCash, ndalama za pa foni zija. Ndaseka ndekha mu kombi mpaka kondakitala kundicheukira. Iweyo? Iwe amene umanenerera mtolo wa repu mpaka mayi wa eni kutsala pang'ono kulira? Chabwino, anthu amatembenuka mtima, ine ndine ndani.

Koma komwe ukulowera ndakuona kale. Dikira kaye.

Ukuwakumbuka amalume a ku Mufakose mmene ankachitira? Loweruka lililonse pa Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare uja, kwa mayi mmodzi yemweyo, kuyambira ali khukhi ku Avondale... ayi ndanama, ku Highlands, ku Avondale anali atachoka kale chifukwa cha nkhani ya njinga ija, tisaiyambe pano agogo ali pa gulupu. Akafika sankathamangira tomato ayi, moni kaye, ana adzuka bwanji, ChiShona chawo chothyokathyoka chija, mayi uja kumangofa ndi phwete. Tomato sankamufinya. Amati ukafinya usagule wamubera munthu. Mbasela akapatsidwa ankalandira ndi manja awiri, kenako chenji n'kuchiiwala dala pa kreti, akamaitanidwa iwo agontha, ulendo.

Ndiye 2008 ija, ndalama ukaigwira m'mawa pofika madzulo ndi pepala chabe, amalume anayamba kulipira ndi sopo. Sopo wa mtanda, kudula ndi mpeni pomwepo pa benchi, theka la mtanda mulu wa tomato ndi anyezi. Zikavuta mayi uja ankawapatsa pa ngongole n'kulemba mu kope la sukulu, amalume nawo ali ndi kakope kawo m'thumba la jekete ya bulauni ija, ija anaivala pa ukwati wako, usakane, zithunzi zilipo.

Tsono moto uja wa mu Okutobala 2024, msika kupsa usiku, katundu, mpamba, zonse phulusa. Amalume miyendo yotupa, ndodo m'manja, kuwaletsa osamva. Anakwera kombi, nane ndinawaperekeza. Tinamupeza mayi uja atakhala pansi, chitenje chakuda bii, manja m'mutu. Kope lake linapsera momwemo, oti amukumbutse za ngongole panalibe. Amalume kutulutsa kakope kawo, kunyowetsa chala, kuwerenga mokweza ngati ali pa guwa, madola 7. Kumupatsa, kuonjezera makreti awiri opanda kanthu ndi ambulera yawo ya mvula. Sanalankhule zambiri... mmm. Pobwerera ndi pomwe anayamba kulalata kuti ndawaiwalitsa chipewa.

Za funso lakolo, ngati ndi za ntchito yako, lemba izi basi: pita ndi ndalama zing'onozing'ono, usamugwetsere venda 20 dola pa zinthu za dola imodzi, chenji chikuvuta, ndalama ya Zimbabwe ya ZiG ija chibwerere mu Epulo 2024 sinathetse zopatsana maswiti m'malo mwa chenji. Pa foni pamadulidwa kamsonkho komanso kuti aitapemo ndi ntchito ina. Usanenerere mpaka kufupa, ubwerenso mawa, ubweretse mnzako. Nyenyezi saodera tomato.

Koma iwe sukufunsa za mavenda a Harare yense ayi. Ukufunsa za azakhali, nawonso venda wa pa msika womwewo. Kope lawo nalonso linapsa, tonse tikudziwa, ndipo dzina lako linalimo, masamba angapo, kuyambira nthawi ija unali pa ulova. Iwo sadzakufunsa, ukuwadziwa, adzangoti mwana wa achimwene zilibe kanthu. Pita ukalipire, msuweni.

Sindikukunyoza ayi... chabwino, pang'ono. Koma kadi isiye, pita ndi ndalamayo m'manja, ukhale pa kreti, udye nawo chimanga chootcha, uwerenge wekha zomwe ukukumbuka. Ukaiwala zina funsa ine, ndinkanyamula nawo majumbo.

Wamva? Ngongole ya azakhali kaye, zoyamikira mavenda pambuyo. Loweruka 7 koloko ndikudikira pa siteji ya makombi ya Copacabana, ya kombi ulipira ndiwe. Ih, batire yafiira, moni kwa alamu.