Komiti ya sukulu si ankhoswe anu

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Indiana ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Digiri yanga ndinatengera ku Zomba, pano ndikufuna kulowa sukulu ya zamalamulo konkuno ku America. Mayeso a LSAT, olowera sukulu ya zamalamulo, ndapeza 147. Usiku woti mawa ndikulemba, bambo a kunyumba anayambitsa mkangano wa ndalama mpaka 2 koloko, amvekere maloya ndi ambiri kale. Poyeserera ndinkapeza 148 kapena 149, poti ndimawerenga ana akagona. Ndikufuna kulemba addendum, kakalata kowonjezera pa mafomu ofunsira malo, yofotokozera sukulu zomwe bamboyu anandichita. Ndiyambe bwanji?

Wokhumudwa, Indiana

Mayi,

Musayambe n'komwe. Zomwe anachita amuna anu n'zoipa, zimenezo mukuzidziwa kale. Ine maso anga ali pa mawu omwe mwangowaponya podutsa: poyeserera munkapeza 148 kapena 149, ndipo mumawerenga ana akagona. Ndiye kuti mkangano uja unakuchotserani pointi imodzi kapena awiri basi. Mukanagona tulo tabwino usiku umenewo, bwenzi lero mukundilembera za 149.

Addendum ndi ndime imodzi, ziganizo zinayi kapena zisanu: chinachitika n'chiyani, liti, ndipo umboni woti vutolo linatha ndi uti. Imagwira ntchito munthu akapeza 147 ali ndi maliro kapena akudwala, kenako n'kudzapeza 158. Malikisi achiwiriwo ndiwo amamulankhulira. Inu muli ndi 147 yokhayokha, ndiye owerenga adzangoona mayi amene akuneneza mwamuna wake, n'kudzifunsa ngati mavutowo sadzamulondola m'kalasi zaka zitatu zonse. Za m'nyumba pitani nazo kwa ankhoswe, ngakhale pa WhatsApp.

Lembaninso mayeso. LSAT imayambira 120 kulekeza 180, ndipo 147 ili pansi pang'ono pa malikisi apakati. LSAC, bungwe loyendetsa mayesowa, limalola kulemba kasanu m'zaka zisanu, kasanu ndi kawiri moyo wonse. Sukulu imaona malikisi anu onse, koma polemba malipoti ake imagwiritsa ntchito apamwamba, choncho ndi omwe imalabadira kwambiri. Dziwaninso kuti digiri yakunja LSAC siiwerengera GPA (avereji ya malikisi a digiri) ngati ya ku America, imangoiika m'gulu monga "superior" kapena "above average". Nambala yomwe angakuyerekezereni nayo ndi anzanu ndi ya LSAT. Tsegulani lipoti la ABA 509 la sukulu yomwe mukuifuna (lipoti lomwe sukulu ya zamalamulo imatulutsa chaka chilichonse), muone malikisi a amene anatengedwa chaka chatha, ndipo musalipirenso madola oposa 200 olembetsera mayeso aja mpaka mayeso oyeserera atatu otsatizana afike pamenepo.

Tsopano ndikudzudzuleni. Ndani anakuuzani kuti nthawi yanu yowerenga ikhale makombo? Mwanyamula okalamba tsiku lonse, mwaphika, mwasambitsa ana, mwatsuka mbale, 11 koloko usiku ndiye mukutsegula buku maso akuyabwa. Mayesowa, kuyambira August 2024, ali ndi zigawo zinayi za mphindi 35 chilichonse. Zitatu ndi zomwe amachonga, ziwiri za Logical Reasoning (kusanthula mfundo) ndi chimodzi cha Reading Comprehension (kumvetsa zowerenga). Funso lililonse limafuna kuti mupeze yankho pasanathe mphindi imodzi ndi theka. Mutu wotopa umabwereza chiganizo katatu osamva kanthu, ndipo munthu amayamba kudziyesa mbuli pomwe vuto ndi tulo.

Chimandiwawa n'chakuti amayi ambiri amawerenga mobisa ngati akuba, kuti pasaoneke wina amene wasokonezeka ndi maphunziro awo. Bambo akamachita kosi, nyumba yonse imayenda monyang'ama, TV imazimitsidwa, ana amauzidwa kuti adadi akuwerenga. Mayi akamachita kosi, aliyense amafuna ndiwo zipse nthawi yomweyomweyo. Inunso mwavomereza zimenezi osafunsa, ndiye amuna anu aziona bwanji sukuluyi ngati chinthu chenicheni pomwe sanaionepo masana? Maphunziro a mkazi ayenera kulembedwa pa kalendala ya pakhomo monga lendi, ndipo wina aliyense m'nyumbamo amveko kulemera kwake. Ana anu aone amayi awo akutuluka ndi chikwama dzuwa likuswa mtengo, adziwe kuti apita kukawerenga.

Khalani nawo pansi bambowo tsiku lopanda mkangano. Musapemphe chilolezo, nenani ndondomeko: kwa miyezi itatu, maola awiri m'mawa masiku anayi pa sabata, ndipo Loweruka lililonse muli ku laibulale kulemba mayeso athunthu a pa LawHub, tsamba la pa intaneti la LSAC, ndi wotchi, iwo ali ndi ana. Lamlungu muzibwereza funso lililonse lomwe mwalakwa mpaka mudziwe chomwe chinakunamizani. Akakana, apo ndiye pali mlandu weniweni wa ankhoswe. Ngati nthawi ya chaka chino yakutherani, tumizani mafomu chaka chamawa, cha mu October, malo ndi ndalama za scholarship zisanayambe kuchepa.

Azakhali