Seti ya zida 20 yogula pa ngongole

Funso: Alangizi, ndikaweruka kuntchito ndimakonda kukonza timawailesi ndi kulumikiza timagetsi ta LED pa Arduino (kabolodi kokhala ngati kakompyuta kakang'ono). Ndaona pa intaneti seti ya zida zowotcherera ya zinthu 20, atsitsa mtengo ndi 30 pa 100 mpaka kutha kwa mwezi. Ndikufuna ndikongole ndalama ndigule isanandipitirire. Kapena kulinso kotchipa kuposa pamenepa?

Yankho: Achimwene, za kotchipa tiziike kaye pambali. Mawu amene andiimika ndi akuti "ndikongole". Ntchito yongosangalatsa mtima sibweza ngongole. Tiyerekeze mtengo unali 100, mwagula pa 70, ndipo wakatapila akufuna 20 pa 100 pamwezi. Pakutha miyezi iwiri ngongole ija yafika 101, phindu lonse la kutsitsa mtengo lalowa m'thumba mwake. Miyezi 6 ikakwana muli pa 209. Nanga ija ya "mpaka kutha kwa mwezi"? Mudzaipezanso mwezi wamawa, musathamange.

Pa zinthu 20 zija mudzagwiritsa ntchito zisanu mwina. Chowotcherera cha m'maseti otere nthawi zambiri sichiyeza kutentha kwa nsonga. Chikangokhala chimapsa mopitirira, mukachigunditsa pa waya wonenepa chimazizira.

Ndalama zenizeni zimathera pa nsonga. M'kati mwake ndi mkuwa, kunja anakuta ndi kachitsulo kopyapyala, ndipo kachitsuloko kakabooka solder (waya wofewa amene timasungunula powotcherera) amadya mkuwa uja mpaka nsonga kukumbika. Choncho musanafunse mtengo wa chowotcherera, funsani nsonga zimene chimalandira. Mitundu ya 900M ndi T12 imapezeka mosavuta, chimodzimodzinso ya TS100 imene imalowa pa chowotcherera cha Pinecil. T12 ili ndi hita ndi choyezera kutentha m'kati mwa nsonga momwemo, n'chifukwa chake imatentha m'masekondi ochepa. Mawati 60 kapena 70 ndi okwanira, bola chikhale chotheka kuchuna madigiri. Chowotcherera chotchipa chimene nsonga zake sizigulitsidwa paliponse ndi chotaya.

Pa mayina a zowotcherera, Hakko kapena Weller yogwirapo kale ntchito ndi malonda abwino, koma muiyatse pamaso pa wogulitsa, isungunule solder mukuona. Za Hakko zachinyengo zilipo zambiri, ndiye yatsopano yotchipa modabwitsa muikayikire. Werenganinso kachizindikiro ka magetsi. Chida cha 110V mukachilumikiza ku 230V chimakoka mphamvu pafupifupi kanayi, hita n'kupseratu.

Pa solder musaumire. Gulani wa 63/37 (magawo 63 a tini, 37 a mtovu), amene amasungunuka pa madigiri 183, wonenepa 0.6 mpaka 0.8mm, wokhala ndi flux wa rosin m'kati (utomoni wotsuka pamalo powotcherera kuti solder agwire). Wobwera m'maseti otchipa kawirikawiri sayenderera, mfundo yake imatuluka yotuwa, yamibulumibulu. Pamenepo munthu amakweza moto kufika 400, nsonga n'kuda, timizere ta mkuwa pabolodi n'kumatuka. Solder wabwino amafuna 320 mpaka 350 basi. Flux wa asidi wowotcherera mapaipi asayandikire bolodi, amadya mkuwa pang'onopang'ono. Mu solder wa 63/37 muli mtovu, sambani m'manja mukamaliza, ndipo utsi wa flux musamaupume.

Tsopano abale. Akangomva kuti muli ndi chowotcherera, alamu abwera kudzabwereka kuti amatire ndowa ya pulasitiki. Chikamabwerera nsonga yada bii, ndipo iwo, pofuna kukuthandizani, aipala ndi tupa mpaka mkuwa kuonekera. Yathera pompo. Nsonga imapukutidwa pa siponji yonyowa kapena pa timawaya ta brass, n'kuipaka solder musanazimitse. Ngati kukana kumakuvutani, sungani chowotcherera chakale chobwereketsa. Obwera ndi mawailesi awo kuti muwakonzere "mwachibale" azilipira ngakhale solder ndi zipangizo zokha, apo ayi mukhala mukulipirira zinthu za fuko lonse.

Ndipo pezani kope. Lembani tsiku limene mwagula nsonga, mtengo wake, ndi tsiku limene yafa. Nsonga yotchipa theka koma yofa katatu pamene yabwino ikadali moyo yakudyerani kamodzi ndi theka, koma popanda kope simungazione.

Mwezi uno gulani chowotcherera, nsonga ziwiri (yamphwatalala ya 2.4mm ndi yosongoka), poikapo pake ndi solder wa magalamu 100, zonse ndi ndalama zanuzanu. Pampu yochotsera solder mwezi wamawa. Makina a mpweya wotentha adikire mpaka mudzayambe kuchotsa ma IC (tizipangizo ta timiyendo tambiri) omatidwa pamwamba pa bolodi.