Kebulo ya mota ya 30 kW pa mamita 150: 16 mm² sikukwanira

Achimwene, mwafunsa ngati 16 mm² ya mkuwa ingakwane pa kompresa ya 30 kW, three phase, 400 V, imene ili mamita 150 kuchokera pa DB (bokosi logawira magetsi), poti wokugulitsani wanena kuti kebulo imeneyo imanyamula ma amps oposa 70. Sananame, koma wakuuzani mbali imodzi yokha. Ine 16 imeneyo sindingaiyale.

Poyamba tipeze ma amps a motayo. 30 kW yolembedwa pa nameplate ndi mphamvu imene ikutuluka pa shaft, osati imene mota ikudya. Tikaika power factor (gawo la magetsi okokedwa limene limagwiradi ntchito) pa 0.85 ndi efficiency (gawo la mphamvu yolowa limene limatuluka pa shaft) pa 0.92, tigawa 30,000 ndi 1.732 × 400 × 0.85 × 0.92, ndipo tipeza ma amps pafupifupi 55. Ngati nameplate ili ndi nambala yake, tengani imeneyo, musiye yanga.

Tsopano 77 A imene tebulo la BS 7671 (malamulo a ku Britain oyalira mawaya a magetsi) limapereka kwa 16 mm² ya PVC yokhala ndi armour (mawaya achitsulo oiteteza), yokhomedwa pakhoma, ndi ya kebulo imene ili yokhayokha pamalo otentha madigiri 30. Kodi mu fakitale, pansi pa denga la malata, pafupi ndi kompresa imene ikupuma mpweya wotentha tsiku lonse, muli madigiri 30? Pa madigiri 40 PVC timachulukitsa ndi 0.87. Ikamangidwa mtolo umodzi ndi ma circuit ena awiri, timachulukitsanso ndi 0.70, chifukwa iliyonse ikuwotcha inzake. 77 × 0.87 × 0.70 ikutipatsa 47 A. Mota ikufuna 55. Basi, 16 yagwa tisanayambe n'komwe kukamba za mtunda.

Chimene anthu ambiri sachimvetsa n'chakuti kebulo yochepa siphulika tsiku loyamba. Imagwira ntchito bwinobwino, mwini fakitale n'kumakuyamikani. Koma PVC inapangidwa kuti waya wamkati asapitirire madigiri 70, ndipo ikamapitirira tsiku ndi tsiku imauma pang'onopang'ono. Ndinaitanidwapo pamalo ena pamene breka inkangogwa popanda chifukwa chooneka. Titatsegula, insulation pafupi ndi gland (chomangira kebulo polowera m'bokosi) inali itasanduka yabulauni, ukaipinda ndi chala n'kumathetheka. Amene anaiyala anali atachoka kalekale, ndalama atalandira.

Nanga mtunda? Apa m'pamene mamita 150 anuwo akuluma. 16 mm² pa three phase imataya voltage ya 2.4 mV (1,000 mV ndi 1 V) pa amp iliyonse pa mita iliyonse. 2.4 × 55 × 150, kugawa ndi 1,000, ndi 19.8 V. Malire amene BS 7671 imalangiza ndi 5% pa zinthu ngati mota, 3% pa magetsi owunikira, ndipo 5% ya 400 V ndi 20 V. Wina anena kuti yadutsa. Ayi, chifukwa 5% imeneyo imawerengedwa kuyambira pamene magetsi alowera pamalopo, ndiye kebulo yobweretsa magetsi ku DB yanu yadyapo kale gawo lake. Komanso ngati mukuyatsa direct on line (kupatsa mota voltage yonse nthawi imodzi), mota imakoka ma amps kasanu ndi kamodzi kapena kuposa a nthawi zonse poyamba. Voltage ikatsika kwambiri nthawi imeneyo, torque (mphamvu yozungulitsira shaft) imatsika koposa, popeza imayendera square ya voltage. Mudzamva mota ikung'ung'udza, contactor ikugwedera mano.

Ndi 25 mm² zinthu zikusintha: imataya 1.5 mV, ndiye 1.5 × 55 × 150, kugawa ndi 1,000, ikupereka 12.4 V, pafupifupi 3%. Pa kutentha, tebulo limapereka 102 A, ndipo 102 × 0.87 × 0.70 ndi 62 A. Onetsetsani apa. Lamulo ndi lakuti ma amps a katundu asapose a chotetezera, ndipo a chotetezera asapose amene kebulo ingapirire. Ngati chokhacho choteteza kebuloyo ku overload ndi breka ya 63 A, 62 yaperewera ndi amp imodzi, ndiye mukwere pa 35 mm², kapena muisiyanitse ndi anzake aja kuti izipuma. Koma ngati starter ili ndi overload relay (chozimitsa mota ikamakoka ma amps opitirira muyezo) yoikidwa pa 55 A, monga ziyenera kukhalira, 25 ikukwana. XLPE, mtundu wina wa insulation, imapirira mpaka madigiri 90, koma musaithamangire musanaone ngati ma terminal a zipangizo zanu amalola kutentha kotero; ambiri amathera pa 70.

Aluminiyamu ndi yotheka, kungoti imadutsitsa magetsi pafupifupi 61% ya mkuwa, ndiye saizi ikwere ndipo mugwiritse ma lug a bimetal (zolumikizira za aluminiyamu ndi mkuwa).

Chotsala, chimene ambiri amachidumpha: pa mtunda wautali chonchi, short ikachitika kumapeto, kodi ma amps ake akwana kugwetsa breka msanga? Yezani loop impedance (kukaniza kwa njira yonse imene magetsi a short amadutsa) ku mota komweko, makamaka ngati mukudalira armour ngati earth. Breka ya type D, imene ambiri amaikonda pa mota, imafuna ma amps ochuluka ka 10 mpaka ka 20 a amene analembedwa pa brekapo kuti igwe nthawi yomweyo. Onaninso ngati waya angapirire kutentha kwa short ndi S = √(I²t)/k, pomwe S ndi saizi ya waya yofunika mu mm², I ndi ma amps a short, t ndi masekondi amene breka imatenga kuti igwe, ndipo k ndi 115 pa mkuwa wa PVC.

Manambala onsewa ndawerengera kebulo yokhomedwa pakhoma. Ngati mukuikwirira pansi kapena kuiika mu duct, tebulo ndi lina. Tiuzeni njira imene idutse, mtundu wa starter, ndi chithunzi cha nameplate, tiwerengenso limodzi.