Malaputopu ayambadi kukonzeka kapena akungotinamiza?

Funso: Akulu, batire ya laputopu yanga inatupa mpaka kiyibodi inatukuka pakati, chivindikiro sichikutsekekanso bwino. Wokonza atatsegula anangopukusa mutu, akuti batire anachita kuimata ndi guluu, RAM (memori yogwirira ntchito ya laputopu) nayo anaiwotcherera pa bolodi, bola ndingogula ina. Koma ndikumva kuti makampani ayamba kupanga zosavuta kukonza, zoona zimenezi? Wokhumudwa.

Yankho: Pepani abale anga. Choyamba batire yotupayo musaichajenso, musayesenso kuitokosa ndi sikuludiraiva, imeneyo imatha kuyaka moto.

Zoti zinthu zikusintha ndi zoona ndithu, koma musaganize kuti makampaniwa agwidwa chifundo ayi, achita kukankhidwa. Kwa zaka zambiri mpikisano unali woti laputopu ikhale yopyapyala, ndiye masikulu anawataya nkuyamba kumata chilichonse. Mu 2017 a iFixit, amene amamasula zipangizo nkumazipatsa malikisi potengera kuphweka kwa kuzikonza, anapatsa Surface Laptop ya Microsoft 0 pa 10 chifukwa kuti uitsegule umayenera kuing'amba, koma pofika 2024 Surface Laptop yatsopano inapeza 8 pa 10, masikulu abwerera ndipo mkati muli zizindikiro zokulozera pomasula. Manyazi amagwira ntchito eti.

Kwinaku ndi malamulo. Ku France kuyambira 2021 laputopu ikamagulitsidwa imayenera kukhala ndi nambala yosonyeza kuti imakonzeka bwanji, ndiye palibe kampani imafuna 4 pamene mnzake pambalipa ali ndi 9. New York inasainira lamulo lake lopatsa anthu ufulu wokonza zipangizo zawo mu 2022, chaka chomwecho Apple inayamba kugulitsa masipeya ndi mabuku okonzera kwa anthu wamba. Nkhani ya zinyalala nayo ikuwakankha, mu 2022 mokha dziko lonse linataya zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni. Palinso kakampani ka Framework kamene kanabwera mu 2021 ndi laputopu yomasuka chilichonse, sikuludiraiva akukupatsirani m'bokosi momwemo, makampani akuluakulu aja anasowa chonamizira.

Komabe musatengeke, pa MacBook zamakono RAM ndi SSD (posungira mafayilo) simungasinthe mpaka pano. Mukamagula ina itembenuzeni muone ngati pansi pali masikulu, funsani ngati batire, RAM ndi SSD zimachoka. Yanuyo kaonetseni kwa wokonza wina kaye, guluu amasungunuka ndi mankhwala ake, mwina woyambayo inangomukulira.