Mwafunsa za geni ya ku Dar, koma mumveko za khoti

Achemwali, mwafunsa kuti geni yokaoda katundu kunja imayenda bwanji, imafuna mpamba wotani, komanso ngati munthu wa kuno ku Salima angapindule nayo. Kupindula amapindula. Nyumba yomwe ndikugonamo kufupi ndi Kamuzu Road inamangidwa ndi zitenje za ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam ku Tanzania, ana anga aphunzira ndi ndalama ya nsapato ndi mapoto, palibe bungwe lomwe linandigwira dzanja. Za mpamba musandifunse, mtengo womwe ndingakuuzeni lero mawa ukhala utasintha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anagona ndi makwacha m'chikwama anadzuka mpamba utaphwa.

Njira ndi yomweyi ya M5, kudzera ku Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay mpaka Mzuzu, kenako M1 kudzera ku Karonga mpaka pa malire a Songwe, mukawoloka ndiye Kasumulu, Kyela, Mbeya, Dar. Anyamata osintha ndalama akakuzungulirani, mashilingi muwerenge nokha kawiri musanatulutse anu. Wina asakunamizeninso ndi ndondomeko ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kuno, yopeputsa msonkho kwa amalonda ang'onoang'ono ija. Imeneyo mukaipeza ku Mchinji polowa ku Zambia, pa katundu wopangidwa m'maiko omwewa. Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000, ndiye katundu wa ku China wogula ku Kariakoo mulipira msonkho wake wonse basi.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya lole. Ife ang'onoang'ono timasonkherana lole imodzi, matumba a anthu ambirimbiri, mapepala n'kulembedwa m'dzina la amene ali ndi TPIN, nambala ya wokhoma msonkho. Ulendo wina, mu 2023, dzina linali langa, chifukwa anzanga ankandikhulupirira ndipo ejenti wotikonzera mapepala a msonkho ankandidziwa. Msonkho tinalipira wonse, malisiti ndinawakulunga m'pulasitiki n'kuwaika pachifuwa. Tili m'njira usiku, pa rodibuloko ina anati katundu yense atsike. Atang'amba thumba lina, pakati pa zitenje panatuluka makatoni a mankhwala, ena akumwa ena odzola oyeretsa khungu, opanda pepala lililonse. Thumbalo silinali langa. Mwini wake anali pomwepo atafunda chitenje kumutu, ndipo a pa rodibuloko atafunsa kuti thumba ili n'la ndani iye anayang'ana kutchire. Pomwe kumacha anali atasowa, foni yake ndi yozima mpaka lero.

Bwana wa pamalopo ndimamukumbukira ndi chala chake. Ankachinyowetsa ndi malovu n'kumatembenuza mapepala anga pang'onopang'ono, osawerenga, maso ali pa chikwama changa. Kenako anati, "Mayi, nkhaniyitu ikhoza kuthera pompano." Ndinamuyankha kuti msonkho ndapereka kale ku boma, wachiwiri ndilibe. Anthu amenewa amalandira malipiro mwezi ndi mwezi kuchokera pa misonkho yathu yomweyi, koma akaona mzimayi wagona m'basi masiku, miyendo yatupa, amaona nyama. Anandilembera mlandu wozembetsa katundu, lole yonse n'kuigwira.

Za m'chitokosi sindinena zambiri. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo. Belo anandipatsa, koma pasipoti ndinaisiya ku khoti, mlongo wanga ndi amalume anasaina kuti ndikathawa iwo ndiwo alipire, ndipo anandilamula kuti ndizikaonekera ku polisi. Wamalonda wa kunja wopanda pasipoti, ndiye kuti geni yaima pamenepo.

Chomwe chinandidya kwenikweni ndi maulendo. Mlandu unali pa khoti la kufupi ndi komwe anandigwirirako, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno. Tsiku la mlandu likayandikira ndimatseka shopu, kukwera basi, kugona pa resitihausi yotchipa, m'mawa n'kukakhala pa benchi ya panja pa khoti pamodzi ndi akuba mbuzi ndi omenyana pa mowa. Dzuwa n'kufika pamutu. Akaitana dzina langa ndimaimirira m'kabokosi muja, woimira boma n'kunena kuti dokete, failo ya mlandu ya ku polisi, silinafike, kapena mboni yapita ku maliro, kapena kafukufuku sanathe. Majisitireti n'kutchula tsiku lina. Mphindi zochepa chabe, ine osayankhula ngakhale liwu limodzi, kenako ulendo wobwerera ku Salima, ndalama ya thiransipoti ndakongola ku banki m'khonde. Makasitomala anga a ku Senga Bay ndi Chipoka akapeza loko pachitseko ankapita kwa ena. Anzanga a lole ija ankabwera kunyumba kudzafunsa katundu wawo ngati ndamubisa kuchipinda. Amati mlandu suola, koma katundu wathu ndiye ankaola m'nyumba yosungiramo zolanda, kwinaku ndalama yosungira ikuwerengedwa.

Ndinagulitsa firiji ndi mbuzi kuti ndipeze loya. Iyeyo ndi amene anandiuza chinthu chomwe apolisi, ejenti ngakhale akalaliki a pakhoti sananditchulirepo: khoti lili ndi mphamvu yolola woimbidwa mlandu kuti asabwere yekha. Lamulo loyendetsera milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, limati pa milandu ing'onoing'ono yomwe munthu waitanidwa ndi samani, majisitireti akhoza kumulola kuti asaonekere, bola loya amuimire kapena iye avomere mlanduwo polemba kalata. Majisitireti yemweyo akafuna kumuona nkhope, amamuitana nthawi iliyonse ndipo ayenera kubwera. Mlandu wanga sunali waung'ono chotero, ndiye loya anapempha zochepa: kuti masiku omwe mlandu ukungotchulidwa n'kuimitsidwa, iye azibwera yekha.

Woimira boma anakana zolimba. Amvekere, mayi uyu ndi woyenda maiko, njira zachidule zonse za m'malire akuzidziwa, mukamumasula sitimuonanso. Zinandiwawa mumtima, chifukwa kuyenda kwanga komwe kwalera ana ndiko ankakusandutsa umboni wakuti ndine wothawa. Loya anaimirira n'kuonetsa khoti kuti pasipoti ili m'manja mwawo, palibe tsiku lomwe ndinajombapo, nyumba ndi ana zili ku Salima, sindikukana kuti dzina la pa mapepala ndi langa, ndiponso kuti amene akuchedwetsa mlandu ndi aboma. Majisitireti analemba nthawi yaitali osadzutsa mutu. Pomaliza anavomera, n'kunena kuti tsiku lomwe mboni ziyankhule ndi tsiku la chigamulo ndidzakhalepo ndekha, ndipo akandiitana tsiku lina lililonse ndifike osapereka zifukwa.

Chilolezo chimenecho ndicho chinapulumutsa shopu. Ku Dar sindikanatha kupita, koma ndinayamba kuoda mpunga ku Nkhotakota ndi usipa kunyanja n'kumatumiza ku Lilongwe, ngongole ya ku banki m'khonde n'kumaibweza pang'onopang'ono.

Apa mumvetsetse, chifukwa ndaonapo anthu akudziika okha m'mavuto. Chilolezochi amapereka ndi majisitireti, m'khoti, n'kuchilemba m'failo. Wapolisi akakuuzani pakhonde kuti mawa musavutike kubwera, mawu akewo sakutetezani. Kutuma mlamu wanu ndi kakalata sikuthandiza. Mukajomba popanda chilolezo amatulutsa chikalata chokumangani, belo n'kuthetsedwa, abale anu omwe anasaina aja n'kulipira ndalama. Mukadwala, pepala la kuchipatala lifike ku khoti tsiku lomwelo. Njira ija yovomera mlandu polemba kalata muisamale kwambiri. Imaoneka yopepuka chifukwa simukwera basi, koma mwavomera kuti ndinu wolakwa, chindapusa mulipira, ndipo dzina lanu lalowa m'buku la opezeka olakwa. Tsiku lomwe mudzafune chiphaso cha ku polisi chosonyeza kuti mulibe mlandu mudzalira. Pa mlandu wa pamsewu mwina, koma pa katundu wa munthu wina, ayi. Ngati ndalama ya loya mulibe, kagogodeni ku Legal Aid Bureau, anaikhazikitsira anthu osowa.

Ndipo ine tsiku la mboni ndikanapita ngakhale akanandiuza kuti ndikhale. Ndinkafuna bwana uja ayankhule ine ndikumuyang'ana. Loya atamufunsa kuti pa thumba lija panalembedwa dzina la ndani, anayamba kufufuza m'mapepala ake. Atamufunsa chifukwa chomwe sanalembe maina a anthu onse omwe anali ndi katundu m'lolemo, anati kunali mdima. Khoti linapeza kuti ndilibe mlandu woti ndiyankhe. Pasipoti anandibwezera. Katundu nayenso anatibwezera, zitenje zitachita nkhungu, makoswe atadya m'mphepete mwa matumba, ndipo kwacha inali itagwa kale moti ndalama yomwe ndinatolera sinakwane kuoda ngakhale theka la katundu yemweyo. Palibe ndi mmodzi yemwe anati pepani.

Ku Dar ndinabwerera ndipo ndikupitabe. Mukafuna kulowa nawo m'lole yanga, thumba lililonse limatsegulidwa ine ndili pomwepo lisanasokedwe, mwini wake alembepo dzina ndi nambala ya foni ndi inki yosafufutika, ndimujambule ataima pambali pake atagwira chiphaso chake cha unzika. Wokana zimenezi akafune lole ina, ngakhale akhale wa mpingo wathu. Mankhwala, mafuta oyeretsa khungu ndi mowa sindinyamula. Ngati mukufuna katundu wa Khirisimasi, konzekani kunyamuka mu October, chifukwa ikafika December ku Kariakoo mitengo imakhala itakwera ndipo pa Songwe malole amagona pamzere.